Zimene Mayi Chiwaya Anachotsa m'Jekete ya Chiko

Ku Edmonton, mumzinda wa London, ukafunsa Mmalawi aliyense kuti diresi lapaukwati ndikasoketse kuti, akulozera khomo limodzi lokha: kwa Mayi Bessie Chiwaya, kuseri kwa siteshoni. Mayiwa asoka zaka pafupifupi makumi anayi m'kachipinda kamodzimodzi ka pansi. Mayunifolomu a amayi a Mvano, zitenje za pachinkhoswe, mathalauza a azibambo amene mimba zawo zinasiya kumvera lamba, zonsezi zimadutsa pansi pa singano yawo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo pa nkhani ya nsalu sauzidwa zochita. Ukati siketi ilekeze apa, amavomera ndi mutu, koma tsiku lodzatenga umaipeza yatsika zala zitatu. Ukadandaula amakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Valani kaye." Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri amakhala akulondola, ndiye palibe amene anawaletsapo khalidweli.

Chimene amanyadira koposa ndi msoko wapamanja wosaoneka, woti ngakhale uutembenuzire kuwala suudziwa poyambira. Msoko umenewu uli ndi mbiri yake. Mu 1983 amuna awo, a Augustine, anali mphunzitsi ku Dedza, ndipo mnzawo wina anawatsina khutu kuti dzina lawo latchulidwa kumene mayina sankayenera kutchulidwa. Mayi Chiwaya, apo n'kuti ali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi, anamasula nsalu ya m'kati mwa jekete ya amuna awo, n'kuikamo masatifiketi ndi kalata yopita kwa m'busa wina ku Lusaka, zonse zokulunga mu flanelo kuti zisamachite phokoso. Atatseka anawapatsira. A Augustine anangoivala, osaipapasa, osayang'ana n'komwe pamene pasokedwa. Pa rodibuloko ya msewu wa ku Mchinji munthu wina anawavula jeketeyo, naitembenuza, naifinya m'mapewa, kenako anawaponyera. Umo ndimo anawolokera ku Zambia, ndipo patatha zaka ziwiri onse awiri anafika ku London.

Kuchokera tsiku limenelo mantha sanawachoke mayiwa. Amakhoma chitseko kawiri, ndipo munthu akagogoda mwamphamvu mtima wawo umathamanga mpaka lero. Koma manja awo okha ankawakhulupirira.

A Augustine anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, Chiko, wobadwira konkuno. Chiko amamva Chichewa chonse, ngakhale cha miseche, koma amayankha m'Chingerezi. Amagwira ntchito yojambula mafupa pachipatala cha ku Romford. Munthu woti tsiku ndi tsiku amaona mmene anthu amathyokera, ungaganize kuti adzagula galimoto yaikulu ya zitseko zinayi. Iye ayi. Bambo ake atangoikidwa, anakagula njinga yamoto.

Sinali njinga ngati za anyamata operekera chakudya m'makomo zija. Inali chinjinga cha ku America, chachitali, chotsika mimba, chogula kwa munthu wina chili chakutha. Chiko anatha zaka ziwiri akuchikonza m'galaja yobwereka pamodzi ndi anzake. Anatsitsa mpando poti anatengera msinkhu wa mayi ake, anakokera mahandulo kumbuyo kuti azifikira, mapaipi a utsi anaikamo ena onyezimira olira ngati mvula ikubwera. Thanki anaipentetsa yakuda ndi mizere ya lalanje. Tsiku loyamba kufika nayo ku Edmonton mawindo ananjenjemera, ndipo Mayi Chiwaya anakana kutuluka. Anangosuzumira pakatani, naona munthu wovala zakuda zokhazokha, wopanda nkhope, akutsika pageti pawo. Anadziwa kuti ndi mwana wawo, komabe anatseka katani.

Nkhani ya njingayo inakhala yosakambidwa pakati pawo. Chiko akamabwera kudzawaona ankakwera sitima.

Ndiye Lolemba lina mwezi wa Meyi anafika ndi thumba lalikulu, naliika patebulo lodulira nsalu. Munali jekete yachikopa yatsopano, yolemera ngati mwana wa mbuzi. Ananena m'Chingerezi chake chofulumira kuti mikono yatalika pang'ono, komanso akufuna nsalu ya m'kati ichoke, mulowe chitenje. Osati chitenje chilichonse, koma chija chakuda cha mizere ya lalanje chimene mayi ake anavala m'basi ya ku Mchinji, chimene chili pachithunzi cha pabalaza. Apa m'pamene Mayi Chiwaya anazindikira kumene mtundu wa thanki ija unachokera. M'maso munalengeza misozi.

"Loweruka tikupita kunyanja, njinga twente," anatero Chiko, akuyesetsa Chichewa kuti awasangalatse. "Tinyamukira ku Romford half past eleven. Mubwere mudzaone, Mum. Kamodzi kokha."

Analemba dzina la malowo pakapepala n'kumata pafiliji. Mayi ake anati aona.

Atamasula nsalu ya m'kati mawa lake, anapezamo zinthu zachilendo. M'mapewa munali zigoba ziwiri zolimba, m'zigongono ziwiri, ndipo kumsana chimodzi chachitali ngati chigoba cha kamba. Anachigogoda ndi chala. Anakumbukira mmene Chiko anaonekera poiyesa jeketeyo: mapewa otambalala ngati mwamuna wonyamula masaka, msana wotukuka ngati ali ndi linunda. Mwana wamkazi wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wosakwatiwa, n'kumayenda pagulu ali choncho! Iwo anasoka madiresi a mapewa okwera mazanamazana m'zaka za m'ma 80, ndipo ankadziwa kuti phewa amalikweza ndi siponji yofewa, osati ndi mbale. Anangoti matelala achizungu sadziwa thupi la mkazi. Anazichotsa zonse zisanu n'kuziponya m'chitini cha mabisiketi chimene amasungiramo mabatani. M'mapewa anaikamo siponji, kumsana nsalu yochindikala yopinda kanayi, pamwamba pake chitenje chija. Anatseka ndi msoko wawo uja, masiku awiri athunthu, mtima uli mbee.

Lachisanu poweruka kuntchito Chiko anadzaitenga ali pa changu. Anaivala, nadziyang'ana pagalasi, nasisita chitenje.

"It's so light! Mwaichita chiyani?"

"Nsalu yawo ya m'kati inali yolemera," anayankha mayi ake, maso ali pa ulusi.

Linali bodza, ndipo ankadziwa, koma ankaliyesa bodza laling'ono ngati la siketi yotsika zala zitatu. Chiko anawapsompsona patsaya n'kuthamangira sitima.

Loweruka cha m'ma teni kunabwera Bwalya kudzayesa diresi. Bwalya ndi namwino wa ku Zambia amene amagwira ntchito kolandirira ovulala, kumene amati A&E, pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, mkazi wa phokoso, woseka ndi thupi lonse. Batani limodzi silinamusangalatse, ndiye anatsegula yekha chitini kuti asankhe lina. Kuseka kunatha. Anatulutsa chigoba chachitali chija n'kuchitembenuza.

"Amai, ivi mwavichosa kuti?"

"M'jekete ya Chiko. Zimamuonetsa ngati mwamuna."

"Jacket ya pa motorbike? Ndiye mwaikamo chani?"

"Siponji."

Bwalya anakhala pampando osayang'ana kuti pali mapini.

"Amai, mverani. Ise ku A&E akatibweretsera munthu wa motorbike, choyamba timadula jacket na scissors. Ngati mukati muli ivi, kambiri munthu amachoka na mendo yake. Ichi chitali ni cha msana. Ngati mulibe..." Sanamalize. "Ali kuti manje?"

Mayi Chiwaya anayang'ana wotchi. Inali itangokwana twente pasiti teni. Anatulutsa foni kuti aimbire Chiko. Bwalya anawalanda n'kuimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, analemba uthenga, koma onse awiri ankadziwa kuti Chiko akakhala pa njinga foni amaitseka mawu n'kuiponya m'chikwama.

Mayi Chiwaya anasiya Bwalya ali chiimire m'diresi la mapini. Anakokolola zigoba zisanu zija m'jumbo, natola lezala, singano ndi ulusi umene unali pafupi, nang'amba kapepala pafiliji. Anazindikira ali kale papulatifomu ya sitima kuti ali ndi masilipasi a m'nyumba ndipo tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Palibe sitima imene inayendapo pang'onopang'ono ngati ya tsiku limenelo. Inkaima paliponse, zitseko n'kumatseguka mwaulesi, anthu n'kumalowa ndi agalu awo ngati dziko lili bwinobwino. Ku Liverpool Street, posintha sitima, anathamanga, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, jumbo ili pachifuwa, masilipasi akuwomba pansi. Atakhala m'sitima ya ku Romford anatsamira mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamva fupa la msana wawo, mfundo iliyonse payokha, mmene lilili pafupi ndi khungu. Anakumbukira akumusambitsa Chiko ali khanda, chala chikuyenda pa timfundo timeneto. Anayesa kupemphera koma mawu ankangothera pa "Ambuye, ndine, ndine ndachita."

Atadutsa Ilford madontho anayamba kugwa pawindo. Pofika Chadwell Heath inali mvula yeniyeni, ndipo misewu imene ankaiona pansi inali itayamba kunyezimira. Anaopa kwambiri moti mtsikana amene anakhala moyang'anana nawo anawafunsa ngati akudwala.

Ku Romford anapatsa woyendetsa takisi kapepala kaja. Anafika nthawi itapitirira ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Pamalo oimikapo magalimoto kuseri kwa kanyumba kogulitsira tiyi panali mbee, fungo la petulo lokha. Panatsala njinga imodzi, ndipo pambali pake panagwada mzungu wamkulu thupi, wa ndevu zoyera zofika pachifuwa, mikono yodzaza ndi zojambula, sipanala ili m'manja. Tsiku lina lililonse Mayi Chiwaya akanawoloka msewu kumuthawa munthu wotere. Anauza wa takisi kuti adikire, napita molunjika kwa iye. Chingerezi chonse cha zaka makumi anayi chinawathawa, ndiye anangotsegula jumbo.

Munthuyo anasuzumiramo, nayang'ana tepi ya m'khosi mwawo, nayang'ananso m'jumbo. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Whose?"

"Chiko. Mwana wanga."

Dzina lake linali Weston, ndipo akanakhala pa ulendowo njinga yake ikanapanda kukana kulira. Sanawafunse chifukwa, sanawadzudzule, ndipo zimenezi zinawaopsa kuposa akanakalipa. Anaimbira mtsogoleri wa gululo, amene amamva foni m'chipewa cha panjinga momwemo. Inaitana osayankhidwa kawiri. Kachitatu kunamveka mphepo yokhayokha, Weston anakuwa dzina la Chiko ndi mawu akuti amuimitse, foni n'kuduka. Anapukusa mutu kuti sakudziwa ngati amva. Anauza wa takisi za malo omwetsera petulo pamsewu waukulu wa kunyanja, pamene gululo limakonda kuima, kenako anawatsegulira mayiwo chitseko ngati akukweza mayi ake omubala.

Pamsewu waukulu magalimoto ankathamanga, madzi akuuluka m'matayala. Mayi Chiwaya ankayang'ana phula ndi maso a telala, kuona mmene lingadyere chikopa, kenako siponji, kenako chitenje chawo chakale chija chimene chinali chitapyapyala ngati pepala. Atayenda mphindi khumi magalimoto onse anayamba kuchedwa. Kutsogolo kunkaphethira magetsi abuluu.

Anagwira mpando wakutsogolo ndi manja awiri. Takisi inkakwawa. Anaona apolisi ovala zachikasu, ambulansi chitseko chili chotsegula, magalasi osweka atamwazika pamsewu. Anafuna kutsinzina koma maso anakana. Ankafunafuna mtundu wa lalanje. Anaona galimoto yofiira itaphwanyika kutsogolo, lole yaing'ono itapingasa, bambo wina atakhala m'mbali mwa msewu atafunda bulangete. Njinga panalibe. Anayang'ana pansi pa lole, kuseri kwa ambulansi, mpaka khosi linapotoka. Panalibe. Analira mokweza, ndipo anachita manyazi kuti akuthokoza Mulungu pa ngozi ya anthu ena.

Pamalo omwetsera petulo njinga zinali zitandandalikana pansi pa denga, zikudontha madzi. Chiko anaima pambali pa yake, chipewa chili m'manja, nkhope ili ndi mantha. Anangouzidwa kuti aime, mayi ake akubwera.

"Mum? Chachitika n'chiyani? Ndani wamwalira?"

Anamupatsa jumbo. Chiko anatulutsa chigoba cha msana n'kuchiyang'ana nthawi yaitali ngati sakuchidziwa. Kenako anakweza dzanja, nafinya phewa lake. Zala zinalowa. Anafinya chigongono, anapinda dzanja kumbuyo kukhudza msana. Anatembenuka kuyang'ana msewu umene anadzera, pamene malole ankadutsa akuwaza madzi, ndipo milomo yake inatuwa.

"You said it was the lining."

"Ndinanama," anatero mayi ake. "Ndimati uoneke bwino. Sindinadziwe ntchito yake, ndipo sindinafunse. Vula."

Mayi Chiwaya anakhala pakatebulo ka pafupi ndi makina a khofi, jekete ili pamiyendo. Anatulutsa lezala, koma msoko sanaupeze. Anayendetsa chala m'mphepete mwa chitenje, anatembenuzira kuwala, anapukuta magalasi, osauona. Ntchito yawo yomwe inawabisalira. Pamapeto pake anangocheka chitenjecho, chimene anachisunga zaka zonsezi osalola ngakhale njenjete, n'kusolola siponji yonyowa ndi thukuta la mwana wawo. Mayi wina wa m'gululo, wa imvi zometa, anagwada pambali pawo n'kuwasonyeza chigoba cha kumanja ndi cha kumanzere, ndi mbali yoyang'ana kumwamba. Mayi Chiwaya, amene sauzidwa zochita pa nsalu, ankafunsa pa chilichonse kuti, "Chonchi?"

Ulusi umene anatola pothamanga unali woyera, wa diresi la Bwalya. Anasoka nawo womwewo, misoko ikuluikulu yobwereza kawiri, yooneka ngakhale uli kutsidya kwa msewu. Anthu makumi awiri a zikopa ndi majombo anadikira, ena akumwa khofi, palibe anayang'ana wotchi. Mumtima mayiwa ankalakalaka Chiko atanena kuti basi, ulendo walephereka, tiyeni tibwerere limodzi pa takisi. Koma ankadziwa kuti msoko uliwonse umene akusoka ukumubwezera mwanayo pamsewu, ndipo lero analibe pakamwa pomuletsera.

Analuma ulusi, naimirira, naitambasula jeketeyo kuti Chiko alowetse mikono, monga anachitira ndi bambo ake ku Dedza. Chiko sanatembenuke. Anailandira m'manja, naiyala patebulo. Anayamba ndi phewa la kumanja, kulifinya, kukoka msoko kuona ngati ugwira. Anapita ku la kumanzere, kenako kumsana, akugogoda ndi chala kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Sankachita mwaukali. Ankachita mofatsa, mwadongosolo, mmene amayang'anira chithunzi cha mafupa a munthu wosamudziwa.

Zaka makumi anayi palibe amene anapapasapo ntchito ya Mayi Chiwaya iwo ali pomwepo. Chinawapweteka mpaka m'mafupa, ndipo anadziwa kuti mwanayo akulondola. Chiko atamaliza n'kuyamba kuinyamula, mayi ake anaigwira mkono n'kuibwezera patebulo.

"Chigongono ichi sunayang'ane," anatero. "Yang'ana."